AP, IB ndi A-level: mmene mayunivesite apamwamba a ku America amawerengera maphunziro ovuta a ku sekondale

Ku America kulibe mayeso a dziko lonse ofanana ndi MSCE. Mwana akamaliza giredi 12, yomwe ikufanana ndi Fomu 4 kwathu, salemba mayeso amodzi oti mayunivesite onse aziyang'ana mapointi ake. Chimene chimatumizidwa ku yunivesite ndi transcript, chikalata chosonyeza phunziro lililonse limene mwanayo anatenga kuyambira giredi 9 mpaka 12, pamodzi ndi malikisi amene aphunzitsi ake anamupatsa. Malikisiwo amaperekedwa ndi sukulu, osati bungwe la mayeso, choncho A wa sukulu ina sangafanane ndi A wa sukulu ina. Ngakhale pasukulu imodzi pomwepo, ana awiri angathe kukhala ndi A pa masamu, wina atamupeza pa masamu wamba, mnzake pa Calculus, amene ndi masamu apamwamba.

Kusiyanaku kumakula mphamvu kumene malo ndi ochepa. Mu 2024 yunivesite ya Harvard inalandira makalata ofunsira malo opitirira 54,000, koma inasankha ophunzira osakwana 2,000, kutanthauza kuti pa ofunsira 100 aliwonse amene anatengedwa sanakwane anayi. Ochuluka mwa osiyidwawo anali ana okhoza bwino kwambiri m'masukulu awo. Aliyense akabwera ndi malikisi okongola chonchi, osankha amafunsa funso lina: mwanayu anasankha maphunziro ovuta motani poyerekeza ndi amene sukulu yake inali nawo? Mawu oti "poyerekeza ndi amene sukulu yake inali nawo" ndi amene makolo ambiri amawaphonya, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Mitundu ya maphunziro ovutawa

Otchuka kwambiri ndi Advanced Placement, amene aliyense amangowatchula kuti AP. Amayendetsedwa ndi bungwe la College Board kuyambira 1955, ndipo lero alipo pafupifupi 40, monga Calculus, Chemistry, Biology, mbiri ya America ndi ziyankhulo zingapo. Mwana amaphunzira m'kalasi pasukulu yake, kenako mu Meyi amalemba mayeso ochokera ku College Board, ndipo zotsatira zimatuluka mu Julaye pa sikelo ya 1 mpaka 5. Pa phunziro limodzi la AP mwana amatuluka ndi zinthu ziwiri zosiyana: malikisi a mphunzitsi, amene amalowa pa transcript, ndi nambala ya mayeso a mu Meyi, imene imasungidwa ku College Board. Mayeso aliwonse amalipiridwa pafupifupi madola 100 mkati mwa America, kunja amakwererapo, ndipo kulembetsa kumatsekedwa mu Novembala. Mabanja opeza zochepa amachotseredwa mtengo akapempha kudzera kusukulu.

International Baccalaureate, kapena IB, inayambira ku Geneva mu 1968. Iyi siyotola phunziro limodzilimodzi ngati AP, koma ndi dipuloma ya zaka ziwiri. Mwana amatenga maphunziro asanu ndi limodzi, kawirikawiri atatu pa mlingo wapamwamba wa maola 240 ndi atatu pa mlingo wamba wa maola 150. Phunziro lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 7, ndipo mapointi ena atatu amachokera ku nkhani ya kafukufuku ya mawu osapitirira 4,000 ndi phunziro la Theory of Knowledge. Onse pamodzi amakwana 45, ndipo dipuloma siperekedwa kwa wopeza ochepera 24.

Palinso makalasi a honors, amene sukulu imakonza yokha popanda mayeso akunja, ndiponso dual enrollment, pamene mwana wa sekondale amatenga phunziro la koleji yapafupi. A-level ya Cambridge, imene ndi maphunziro a zaka ziwiri zomaliza za sekondale m'dongosolo la ku Britain, imapezeka m'masukulu ena a ku America, koma ambiri obwera nayo ndi ofunsira malo ochokera kunja. Mayunivesite apamwamba sakonda AP kuposa IB kapena A-level. Amafuna kuti mwana atenge zovuta zimene zilipo pamene ali.

Zimene wowerenga kalata amaona

Pamodzi ndi transcript, sukulu imatumiza school profile, tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza sukuluyo: chiwerengero cha ophunzira, maphunziro a AP kapena IB amene ilipo nawo, malamulo ake, ndi mmene malikisi amagawidwira. Ngati sukulu imaletsa AP mu giredi 9 ndi 10, kapena imalola atatu okha pachaka, zimalembedwa pamenepo. Mlangizi wa pasukulu amadzazanso fomu ya Common Application, njira ya pa intaneti yofunsira malo ku mayunivesite ambiri. Fomuyo ili ndi funso lomupempha kuti ayike maphunziro a mwanayo pa umodzi mwa milingo isanu poyerekeza ndi anzake a pasukulupo, kuyambira ovuta koposa mpaka ochepera pa wamba. Ku mayunivesite otenga ochepa kwambiri, ambiri mwa osankhidwa amakhala pa mlingo wapamwambawo kapena wotsatira wake. Ndi chinthu chanzeru kuti kholo kapena mwana afunse mlangiziyo, akadali mu giredi 9 kapena 10, kuti pasukulupo pamafunika chiyani kuti munthu afike pa mlingo umenewo. Sukulu iliyonse ili ndi muyezo wake, ndipo alangizi ambiri amayankha akafunsidwa.

Zotsatira zake ndi zoti mwana amene watenga ma AP anayi pasukulu imene ili ndi anayi okha amaoneka kuti wachita zonse zotheka, pamene mnzake amene watenga anayi omwewo pasukulu ya ma AP 25 amafunika kuonedwanso bwino. Nambala ndi imodzi, koma tanthauzo lake ndi losiyana.

Wofuna umboni woti mayunivesite amalabadiradi zimenezi angaupeze yekha. Mayunivesite ambiri amasindikiza chikalata chotchedwa Common Data Set chaka chilichonse pa intaneti. Gawo C7 limandandalika zinthu zimene amaziganizira posankha ophunzira ndi kulemera kwa chilichonse, ndipo kuvuta kwa maphunziro a ku sekondale ndi chinthu choyamba pa mndandandawo. Pafupifupi mayunivesite onse otenga ochepa amachiika pa zofunika kwambiri. Gawo C5 limasonyeza zaka zimene amafuna kapena kulimbikitsa pa phunziro lililonse.

Owerenga sawerengetsa zilembo za AP ngati mmene timawerengera matumba a chimanga. Amayang'ana mizere isanu: Chingerezi, masamu, sayansi, mbiri ndi maphunziro a za anthu, ndiponso chiyankhulo chakunja. Amafuna kuona mzere uliwonse ukupitirira zaka zonse zinayi ngati n'kotheka, ndipo ukukwera chaka ndi chaka. Apa ndi pamene ana ambiri amalakwitsa. Wina amasiya French kapena Spanish atamaliza giredi 10, n'kusiyanso Physics, kuti apeze malo otengera AP Psychology ndi AP Human Geography. Chiwerengero cha ma AP chimakwera ndithu, koma mizere iwiri ikuluikulu yaduka. Maphunziro awiriwo si oipa, ndipo mwana amene amawakonda awatenge, koma sangalowe m'malo mwa sayansi ya mu labotale kapena chaka chachinayi cha chiyankhulo. Wofuna uinjiniya ayeneranso kudziwa kuti AP Physics 1 imagwiritsa ntchito algebra pamene AP Physics C imafuna calculus, ndipo Calculus BC imapita patali kuposa Calculus AB. Owerenga a ku masukulu a uinjiniya amadziwa bwino kusiyana kumeneku.

Masamu amasankhidwa mwana akadali wamng'ono

M'masukulu ambiri a ku America masamu amayenda motsatizana: Algebra 1, Geometry, Algebra 2, Precalculus, kenako Calculus. Amenewa ndi maphunziro asanu, koma sekondale ili ndi zaka zinayi. Mwana amene wayamba Algebra 1 mu giredi 9 amathera pa Precalculus. Kuti afike pa Calculus mu giredi 12 ayenera kutenga Algebra 1 mu giredi 8, ndipo amene amalowa m'kalasi imeneyo amasankhidwa mu giredi 6 kapena 7, pogwiritsa ntchito mayeso a pasukulu ndi maganizo a aphunzitsi. Ndiye kuti chinthu chimene chidzayang'anidwe mwana ali ndi zaka 17 chimatsimikizika ali ndi zaka 11 kapena 12.

Mabanja amene asamukira ku America kuchokera ku Malawi kapena ku Zambia amakumana ndi zimenezi mwadzidzidzi. Kwathu masamu sagawidwa m'maphunziro osiyana a algebra ndi geometry, onse amaphunzitsidwa pamodzi chaka chilichonse, ndipo lipoti la sukulu limangolemba kuti Mathematics. Mlangizi wosadziwa silabasi yathu angathe kuika mwana m'kalasi yotsika pofuna kumuteteza. Kholo lipemphe mayeso oyezera mlingo wa mwanayo, lipite ndi silabasi kapena mabuku amene ankagwiritsa ntchito, ndipo lifunse mwachindunji kuti kalasi imene wapatsidwayo idzamufikitsa pati mu giredi 12. Ngati wachedwa kale, njira zilipo: masukulu ena amalola Geometry ndi Algebra 2 m'chaka chimodzi, ena amalola phunziro limodzi patchuthi chachitali. Geometry ndiye woyenera kufulumizitsa. Algebra 2 wophunziridwa mothamanga m'masabata asanu ndi limodzi amasiya mipata imene imadzaonekera pa Calculus.

Pafupifupi theka la masekondale a boma ku America saphunzitsa Calculus n'komwe, ndipo mayunivesite amadziwa. Yunivesite ya Caltech, imene imafuna Calculus, Physics ndi Chemistry, inalengeza mu 2023 kuti mwana amene sukulu yake ilibe phunziro lotere angasonyeze kuti walidziwa m'njira zina, monga kuphunzira pa tsamba la pa intaneti la Khan Academy n'kulemba mayeso otsimikizira, kapena kupeza 5 pa mayeso a AP.

Akwanira angati?

Palibe yunivesite ya ku America imene imalengeza nambala yofunika. Komabe pali umboni woti kuunjika kuli ndi malire. Akuluakulu osankha ophunzira ku University of North Carolina ku Chapel Hill anafufuza ophunzira awo, ndipo mu 2013 anafalitsa zimene anapeza: malikisi a chaka choyamba ku yunivesite ankakwera malinga ndi kuchuluka kwa maphunziro a mlingo wa koleji amene mwana anatenga ku sekondale, koma mpaka pa asanu. Kupitirira pamenepo phindu lake silinkaonekanso. Mu 2016 sukulu ya zamaphunziro ya ku Harvard inatulutsa lipoti lotchedwa Turning the Tide, limene linapempha mayunivesite kuti asiye kulimbikitsa ana kuunjika ma AP. Mu 2018 masukulu asanu ndi atatu oyima paokha a m'dera la Washington, kuphatikizapo Sidwell Friends, analengeza kuti asiya AP n'kukonza maphunziro awoawo ozama.

Izi sizikutanthauza kuti asanu ndi okwanira kulikonse. Pasukulu imene ana apamwamba amatenga khumi, wotenga asanu adzayerekezedwa ndi iwowo. Koma AP wa nambala 11 kapena 12 sawonjezera zambiri pa kalata, pamene mtengo wake ndi waukulu: tulo timachepa, malikisi a maphunziro ena amatsika, ndipo nthawi ya zinthu zakunja kwa kalasi imatha. Maphunziro ovuta amathandiza kuti kalata iwerengedwe mwachidwi, koma akafika pa mulu wa ana oyenerera onse, zimene zimasiyanitsa ndi nkhani imene mwana walemba, makalata a aphunzitsi ndi zimene wachita ndi nthawi yake. Mwana amene wathera mphamvu zonse pa homuweki amafika pa muluwo alibe chosonyeza.

Funso lina limene makolo amafunsa ndi loti chabwino n'chiti pakati pa B wa AP ndi A wa kalasi wamba. Ku mayunivesite otenga ochepa kwambiri, ambiri opikisana nawo amakhala ndi A pa AP pomwepo. Komabe B mmodzi kapena awiri pa maphunziro ovutadi sagwetsa munthu, ndipo amaoneka bwino kuposa transcript ya ma A okhaokha imene yazemba chilichonse chovuta. C ndiye chizindikiro choti katundu walemera, ndipo ma C angapo mu giredi 11 amawononga kwambiri kuposa mmene kusiya AP mmodzi kukanawonongera. Njira yotetezeka ndiyo kukwera pang'onopang'ono: mmodzi kapena awiri mu giredi 10 ngati sukulu ikulola, kuwonjezera mu giredi 11 pa maphunziro amene mwana wasonyeza kale mphamvu, ndi kusatsika mu giredi 12.

GPA imanamiza

GPA ndi avereji ya malikisi a mwana pa maphunziro ake onse. Masukulu ambiri amawerengera A ngati 4, B ngati 3, n'kuwonjezera pointi imodzi pa AP kapena IB, kotero A wa AP amakhala 5. Masukulu ena amawonjezera theka, ena sawonjezera chilichonse, choncho GPA ya 4.5 payokha sitiuza zambiri. Kawerengedwe kameneka kamabalanso zachilendo. Mwana amene ali ndi A pa ma AP asanu ali ndi 5.0. Akawonjezera phunziro la nyimbo lopanda pointi yowonjezera n'kupezanso A, mapointi amakhala 29 ogawidwa pa maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo GPA imatsika kufika pa 4.83. Ana ena amasiya nyimbo kapena zojambula zimene amazikonda chifukwa cha masamu amenewa, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa mayunivesite ambiri apamwamba amawerengera okha GPA m'njira yawo kapena amangowerenga transcript mzere ndi mzere.

University of California imanena poyera mmene imawerengera. Imatenga malikisi a giredi 10 ndi 11 okha pa maphunziro amene inawavomereza, siwerengera zizindikiro za kuphatikiza kapena kuchotsera pa chilembo, ndipo pa GPA yake yodziwika kwambiri mapointi owonjezera amalekezera pa masemesita asanu ndi atatu. Mwana amene ali ndi ma A 24 a semesita m'zaka ziwirizo amapeza 96, kuwonjezera 8 kukwana 104, kugawa ndi 24 kutuluka 4.33, kaya anatenga ma AP anayi kapena asanu ndi awiri. Owerenga amaonanso GPA yopanda malirewo ndi chiwerengero chonse cha maphunziro ovuta. Kwa ofunsira ochokera kunja kwa California, makalasi a honors okonzedwa ndi sukulu sapatsidwa pointi yowonjezera.

Nthawi ya mayeso ndi nthawi yofunsira malo

Makalata ofunsira msanga amatsekedwa kawirikawiri pa 1 Novembala, enawo kumayambiriro kwa Januwale, ndipo mwana amayenera kuvomera malo pofika pa 1 Meyi. Mayeso a AP a giredi 12 amalembedwa mu Meyi momwemo, zotsatira n'kutuluka mu Julaye. Choncho nambala za mayeso a chaka chomaliza siziwerengedwa posankha. Chimene chimaoneka ndi mndandanda wa maphunziro amene mwana akutenga, ndi malikisi a pakati pa chaka amene sukulu imatumiza cha mu Januwale kapena Febuluwale. Giredi 11 ndiyo chaka chomaliza chimene chimaoneka chathunthu, ndipo n'chifukwa chake chimalemera kwambiri. Mwana akasiya phunziro lovuta atatumiza kale kalata, ayenera kudziwitsa yunivesite asanasiye. Malo operekedwa amadalira transcript yomaliza, ndipo mayunivesite amalanda malo ngati malikisi agwa kwambiri kapena maphunziro asinthidwa mwakachetechete.

Nambala za mayeso a AP a giredi 10 ndi 11 mwana amazilemba yekha pa fomu, ndipo m'mayunivesite ambiri amasankha zoti alembe. Ma 5 ndi ma 4 amathandiza, makamaka kwa wochokera kusukulu yosadziwika, chifukwa amatsimikizira kuti A wa mphunzitsi anali weniweni. Yunivesite ya Yale, pamene inabwezeretsa lamulo lofuna mayeso mu 2024, inalola kuti nambala za AP kapena IB zilowe m'malo mwa SAT kapena ACT, mayeso amene ofunsira malo ku mayunivesite a ku America amalemba. Kulemba mayeso a AP popanda kutenga kalasi yake kumaloledwa, ndipo n'kothandiza ngati sukulu ilibe phunzirolo, koma sikulowa pa transcript ndipo sikungaphimbe kuzemba kalasi imene inalipo.

Kusankhidwa ndi kuchotseredwa maphunziro ku yunivesite ndi nkhani ziwiri. Mayunivesite ambiri a boma amachotsera phunziro la chaka choyamba kwa wopeza 3 kapena kuposa, zimene zimapulumutsa ndalama. Apamwamba amaumira: MIT imafuna 5 pa Calculus BC, ndipo Dartmouth inasiya kuwerengera AP pa digiri kuyambira ndi olowa mu 2014. Pa dual enrollment pali chenjezo lake. Malikisi ake amalowa pa transcript ya koleji imene sifufutika, ndipo adzawerengedwa ngakhale podzafunsira sukulu ya udokotala zaka zingapo kutsogolo. Mayunivesite ena apamwamba sawerengeranso phunziro lotere pa digiri ngati linagwiritsidwa kale ntchito pomalizira sekondale.

Ku Britain zinthu n'zosiyana kwambiri, ndipo amene akufunsira kuwiri konse ayenera kukonzekera msanga. Kumeneko nambala za mayeso ndizo zimalamula. Yunivesite ya Cambridge imayembekezera ma AP osachepera asanu okhala ndi 5 pa maphunziro ogwirizana ndi digiri yofunsidwayo, ndipo kalata zopita ku Oxford ndi Cambridge zimatsekedwa pakati pa Okutobala.

Wofunsira ali ku Malawi

Ana a ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe amatenga IB, a ku Saint Andrew's ku Blantyre ndi ku Kamuzu Academy ku Kasungu amatenga IGCSE ndi A-level. Ena amapita ku Waterford Kamhlaba ku Eswatini kukatenga IB, kapena ku African Leadership Academy ku Johannesburg. Kwa ambiri mwa amenewa, popeza mayeso omaliza amabwera atasankhidwa kale, mayunivesite amayang'ana zotsatira za mayeso a m'mbuyo monga IGCSE kapena AS (chaka choyamba cha A-level), malikisi a pasukulu, ndi magiredi amene aphunzitsi akuyembekezera kuti mwanayo adzapeza. Kusankha maphunziro ndiko kofunika: wofuna uinjiniya pa IB atenge masamu a Analysis and Approaches ndi Physics pa mlingo wapamwamba, ndipo pa A-level atenge Mathematics ndi Physics, kuwonjezera Further Mathematics ngati ilipo. Ma A-level atatu okhoza bwino amaposa anayi ofooka.

Wa MSCE sayenera kudziona ngati wotsekeredwa kunja chifukwa chosowa AP. Zaka zisanu ndi zitatu za pulayimale ndi zinayi za sekondale zimakwana 12, zofanana ndi za ku America, ndipo lamulo loyerekeza mwana ndi zimene sukulu yake inali nazo limamukhudza iyenso. Chimene chimavuta n'choti wowerenga angakhale asanaonepo satifiketi ya MANEB, ndipo masukulu athu ambiri alibe school profile. Ahedi kapena aphunzitsi olemba kalata afotokoze momveka kuti pa MSCE 1 ndiye giredi yapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, kuti 1 ndi 2 ndi distinction, ndiponso kuti mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiwo abwino koposa, chifukwa wozolowera sikelo ya IB angawerenge manambalawo chozondoka. Alembenso chiwerengero cha ana amene analemba mayeso pasukulupo, malo amene mwanayo anali, maphunziro amene sukulu imaphunzitsa ndi amene ilibe, ngati Additional Mathematics inalipo ndipo ngati anaitenga, komanso mmene labotale ilili. Mayeso a SAT amathandiza wophunzira wotere kuposa wa IB, popeza amapereka nambala imene wowerenga amaidziwa kale. Ofesi ya EducationUSA, imene imagwira ntchito pansi pa ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, imapereka uphungu waulere pa kakonzedwe ka zikalatazi.